Chitenge Chavomerezedwa, Kasuba Adikire

Komiti ya yuniyoni, nthambi ya Bekale ya Mbandakucha, Kamwala, Lusaka
Tsiku: Loweruka, 12 Epulo 2025
Malo: chipinda cha misonkhano cha abwana, chimene anatibwereka mwa chifundo chawo
Opezeka: a Gilson Mwanza (wapampando), a Chalwe Mumba (wachiwiri), mayi Alia Omali (membala), Thandazani Sakala (mlembi)
Osapezeka: mayi Kasuba Tembo (membala). Anafika, koma alonda anawaimitsa pageti.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphero, nathokoza abwana chifukwa cha masikono ndi tiyi.

2. Kukonzanso malamulo a ntchito
Wapampando anapereka lipoti la zokambirana zimene anakakhalapo ku loji ina ku Kabulonga. Anati anthu anagwirizana kuti mayuniyoni amakono safuula, amakambirana. Atafunsidwa ngati anatchulako za makontirakiti a miyezi itatuitatu amene tatopa nawo, anati nthawi inachepa. Za nkhuku ya masana anafotokoza bwino lomwe.

3. Kuchotsedwa ntchito kwa mayi Kasuba
Mayi Alia anakumbutsa komiti kuti mayi Kasuba anachotsedwa atafunsa abwana za makontirakitiwo, ndipo amene anawatuma ndife. Anati yuniyoni ikapanda kudandaula mwezi uno usanathe, chigamulocho sichidzasinthikanso. A Chalwe anati yuniyoni ndi ya ogwira ntchito, ndipo popeza mayiwo sakugwira ntchito, salinso membala. Mayi Alia anapempha kuti mawu awo alembedwe momwe anawanenera: “Ba Chalwe, muntu ali pazuba apo pageti, imwe mukudya masikono ya bwana. Mulibe nsoni?” A Chalwe anapitiriza kutafuna. Wapampando anati kuthamanga si kufika. Nkhaniyi inaimitsidwa mpaka msonkhano wotsatira. Mlembi anachita manyazi, ngakhale manyazi sanali pa ajenda.

4. Chitenge cha Tsiku la Apantchito
Apa m'pamene komiti inadzuka. Abwana alonjeza chitenge cha aliyense wokaguba, chokhala ndi chithunzi cha buledi wathu. Wapampando anafuna chofiira, a Chalwe chobiriwira, ndipo anatsutsana mpaka tiyi anazizira. Chofiira chinapambana. Mayi Alia anakana kuvota.

5. Zina ndi zina
A Chalwe anafunsa kuti adzatsogolere nyimbo poguba ndani, chifukwa chaka chatha oweruza za kagubidwe anatiyamikira. Onse anakumbukira kuti wa mawu aja ndi mayi Kasuba. Wapampando anati mgwirizano suthera pageti, choncho mayiwo apemphedwe kudzaimba ngati mlendo. Chitenge adzabwerekedwa, n'kubweza akatha kuimba.

Mlembi anatumidwa pageti kukanena uthengawu. Mayi Kasuba anayankha kuti: “Kabauzeni ba Chair, baimbe beka. Pakamwa pabo pazula masikono, tione ngati nyimbo izachoka.”

6. Msonkhano wotsatira
Loweruka, 10 Meyi, mwezi wodandaulira utatha kale. Mlembi anatchula zimenezi. Wapampando anati tsiku lina chipindachi abwana sangatibwereke.

Msonkhano unatsekedwa 4 koloko madzulo. Komiti inatulukira geti lakumbuyo.

Gilson Mwanza, Wapampando
Thandazani Sakala, Mlembi