Raundi ya Lindsay

Lachisanu, 7 Juni

Glenys, ndikudziwa kuti umasuzumira m'bukuli ndikakhala kugalaja. Ndiye poti wawerenga kale, tandiyankha mkazi wanga: tambula imodzi ya mowa madola 17, zanzeru zimenezo?

Bala yathu yagulitsidwa. Mwini wake watsopano ndi Tegan, mtsikana wa ndolo pamphuno. Mowa wa masiku onse wachotsa. Tsopano ndi wofululidwa ndi timakampani ting'onoting'ono, wina wa mango, wina wa khofi. Akuti, "Bambo, muyambe mwanunkhiza." Ndine galu ine? Kuwotcherera zitsulo ndinadziphunzitsa ndekha, wina asandiphunzitse kumwa.

Lamulo lathu silinasinthe chiyambire 1991. Ine, Stav ndi Lindsay, aliyense raundi yake, palibe wochoka asanagulire anzake. Yanga ndagula. Madola 51.

Lachisanu, 14 Juni

Stav wapenga nawo. Kupukusa tambula, kuiyang'ana pa getsi, ngati dokotala woyeza mkodzo. "Aise Col, ukumva kafungo ka mtengo wa paini?" Ndamuuza kuti ndikumva mankhwala otsukira chimbudzi. Tegan wamva. M'malo mokwiya waseka, n'kundithirira wakuda bii m'katambula, waulere. Ndamwa kuti ndipeze ponyozera.

Za wakudayo sindilemba kanthu.

Lindsay walipira raundi yake ndi makobidi okhaokha, kuwerenga kawiri. Kenako akuti bondo likuwawa. Wapita dzuwa lisanalowe.

Lachisanu, 21 Juni

Lindsay sanabwere. Bondo.

Wakuda uja matambula awiri. Kafukufuku chabe. Glenys, ukangomuuza Stav, ndisamukira kugalaja.

Lachiwiri, 25 Juni

Ndadutsa kwa Lindsay. Munthu ali pamwamba pa makwerero, akusesa masamba padenga! Bondo lomwe lija! Magazi andikwera. Ndamutcha wabodza, wothawa raundi, msewu wonse ukumva, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana watseka zenera.

Watsika pang'onopang'ono. "Col, penshoni yanga imakwana chimodzi, raundi kapena magetsi. Ndisankhire iweyo."

Ndati basi, ine ndi Stav tizikugulira. Wandiyang'ana ngati ndamulavulira. "Wosagula sakhala patebulo. Unanena ndiwe, mdala. Unachita kumenya tebulo."

Ndinanenadi. Pakamwa pangapa.

Lachitatu, 26 Juni

Chimwalirireni mkazi wake, Lindsay amalankhula ndi anthu Lachisanu lokha. Masiku enawo ndi wailesi. Ndimadziwa, koma sindinaganizepo.

Stav akuti tisamukire bala ina. Ili kuti? Yapafupi ndi makilomita 30, ndipo pa atatufe woona bwino pamsewu palibe.

Lachisanu, 28 Juni

Anthu awiri patebulo la atatu. Stav sanapukuse tambula ngakhale kamodzi. Raundi ziwiri zatha msanga, nkhani osayamba n'komwe.

Ndapita pakauntala. Tegan wayamba kundifotokozera kuti wofulula wakudayo ndi banja limodzi, chimera amakazinga okha, mbiya imodzi imadikira milungu isanu ndi umodzi. Ndamudula. Ndati mwana iwe, mowawo ndi wabwino, ndavomera, usandibwerezetse. Ndalama yake ukuyenera. Koma wandidyera mnzanga, ndipo mtengo umenewo sunaulembe pabolodi.

Wafunsa kuti mnzanga uti. Ndati wa makobidi uja. Akuti aganiza.

Aganize msanga. Lachisanu likubwerali Lindsay ndikamutenga, kaya afune kaya asafune, ndipo sindikamugulira, akagula yekha ngati munthu. Tegan abwezere mpopi umodzi wa mowa wamba, wozizira, wopanda nkhani, wa madola 8. Umodzi wokha. Apo ayi ndibwera ndi sipanala ndiuike ndekha.