Ndawagonjetsa Che Majidu pa Bawo

Troyeville, Joni
14 Sepitembala 2018

Okondedwa amalume a Sidi,

Landirani moni wochuluka kuchokera kuno ku Joni. Ine ndili bwino, chisanu chatha, kaya inu ndi banja lonse kumeneko. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi ku Park Station pamodzi ndi jekete lanu lija. Ndikanatha kungoimba foni, koma nkhani ili m'munsimu ndi yofunika muiwerenge mutakhala pansi.

Paja ndinakuuzani kuti ulonda ndinasiya. Tsopano ndili pa kampani ina yaing'ono ku Sandton, imene ikupanga bawo wa pafoni, woti munthu ali ku Joni azisewera ndi mnzake ali ku Mangochi. Masewerawa asanatulutsidwe pamafunika anthu oyesa. Iwo amasewera okhaokha, ndipo akaona cholakwika, kaya njere zalumpha dzenje, kaya foni yangouma, amanena pa gulu lathu la WhatsApp. Mabwana ankafuna oyesa a mafoni otchipa, okhala kumene netiweki imachita kusakidwa pamwamba pa chulu. Ine ndinati musavutike, kumeneko ndiye kwathu. Ndinasonkhanitsa anyamata a kumudzi, ndipo pofuna kudzikometsa ndinaikamonso Che Majidu a kutsidya kwa msika, amalume ake a Madina. Madinayo amagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton konkuno. Dzina limeneli muligwire bwino, chifukwa ndikufuna kumukwatira.

Tsono pafonipo dzina la amene ukusewera naye limaoneka, ndipo anthu a kwathu mukuwadziwa. Mnyamata akangoona kuti wagwera Che Majidu, munthu wa ndevu zoyera wokhala mzere woyamba kumzikiti, manja amalobodoka. Malo oti adye amawalambalala dala, kenako n'kulemba pagulu kuti, "Mwatitha, achimwene aakulu." Miyezi inadutsa mkuluyo osagonjapo. Pa luso logonja mwaulemu, katswiri ndinali ineyo.

Amene amalemba masewerawa pa kompyuta ndi mnzanga Kuda, wa ku Zimbabwe. Agogo ake anachokera ku Dedza kukagwira ntchito m'mafamu, ndiye Chichewa amachidziwa, ngakhale chimayenda motsimphina. Tsiku lina anandiitana atagwira mutu.

"Eish, Suwedi, mdala uyu sakuluza, never! Pali bug penapake."

Bug ndi dzina lawo la cholakwika chobisala mkati mwa masewera. Anachisaka mpaka maso kufiira, osachipeza. Mapeto ake bwana ananena kuti ngati gulu la ku Malawi likubweretsa zosamveka, alisiya apeze oyesa kwina. Amalume, mtima unandiphulika. Gululo likatha ndiye kuti ntchito yanga yatheranso pomwepo, ndibwerere kukagwira chibonga pageti, ndipo za ukwati ndiiwale kaye.

Nditamuuza Kuda chimene chikuchitika, anaseka mpaka kugwa pampando.

"So bug yake ndi respect? Sharp. Koma bwana safuna nthano, bra, afuna kuona. Umudye mdalayo kamodzi, tione kuti game ili right."

Ndinamuuza kuti mdala akumunenayo ndi amene adzalole kapena kukana kuti nditenge mwana wa mlongo wake. Kuda anati angandipatse dzina labodza, ndipo ine ndinaona ngati nzeru. Lamlungu ndinakamufotokozera Madina. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Dzina labodza? Ndiye tsiku lopita kwathu mudzavala chigoba kumaso? Amalume anga mukuwaopa ali pafoni, nanga pakhonde pawo mudzatani?"

Za dzina labodza ndinazisiya pomwepo. Mkazi ameneyu, amalume, sazungulira.

Lolemba masana ndinawaitana Che Majidu pa bawo ndi dzina langa lenileni. Kuda ndi bwana anaima kumbuyo kwanga kuyang'ana. Mkuluyo bawo amamudziwa, ndisawanamizire, kungoti anazolowera kupatsidwa njira, ndiye ankasiya maenje awo pambalambanda. Ndinadya koyamba. Ndinadya kachiwiri. Tili pakati netiweki ya ku Mangochi inathawa, ndipo ndinathokoza Mulungu mumtima kuti wandipulumutsa. Ayi ndithu, inabwerera, poti pa chulu chawo chija amagwira bwino. Ndinawadya mpaka mzere wawo wakutsogolo unatsala mbee.

Bwana anaomba m'manja, nati gulu la ku Malawi likhale. Ine chimwemwe chinali theka. Pagulu la WhatsApp panali zii, ngakhale anyamata olongolola aja osatsokomola.

Madzulo kunabwera uthenga wa mawu. Chilowereni m'gulumo Che Majidu anali asananenepo cholakwika chilichonse, koma tsiku limenelo anachipeza.

"Uwauze mabwana ako kuti masewera awo awonongeka. Njere zikupita kolakwika."

Kuda anafufuza masewera onsewo mwaulemu wake, n'kuyankha kuti, "Sorry madala, zonse zili bho." Ine usiku umenewo chakudya sichinalowe.

M'mawa mwake foni inalira. Anali Che Majidu. Ndinapezeka ndagwada m'chipinda mwanga ngati akundiona.

"Iwe Suwedi, anyamata enawa amandinamiza eti?"

"Amakulemekezani, bambo."

"Ndi iwenso?"

"Inenso ndinkatero."

Kwawoko tambala analira. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba.

"Za iwe ndi Madina ndinazimva kalekale, ndimangodikira kuti ndione ngati uli ndi msana. Tsono tamvera. Munthu wondigonjetsa sangakhale wakunja, akandiyalutsa. Manyazi amenewa akhale a m'banja momwemo. Anakuphunzitsa bawo ndani?"

Ndinanena zoona, kuti ndi amalume anga a Sidi.

"Abwere amenewo," anatero, n'kudula foni.

Ndiye pempho langa ndi limeneli, amalume. Mundipitire kwa Che Majidu ngati nkhoswe yanga. Ndinu amene munandilera bambo atamwalira, ndipo palibe wina amene ndingafune kuti akandilankhulire. Jeketelo mukavale tsiku limenelo. Madina akuti Che Majidu bawo wawo wamtengo amupukuta kale ndipo ali pakhonde kukudikirani. Mukasewere zenizeni, chifukwa tsopano wowagonjera dala amamukalipira. Koma chonde, nkhani ya Madina muyambe mwaimaliza, musanakhudze njere ngakhale imodzi.

Mupereke moni kwa onse pakhomo. Amayi musawauze msanga, mudikire adye kaye, chifukwa akangomva ayamba nthungululu mudzi wonse udziwe inu musanavale n'komwe nsapato. Ndawasowa kwambiri, ndipo ulendo uno ndikadzatsika basi sindidzakhala ndekha.

Ndine mphwanu wokukondani,
Suwedi