Mibulu ya ku Joni

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Mbungo chinangwa chachita bwino, ndipo mkazi wa mchimwene wanga Yohane wachira, mwana wamwamuna. Koma ine ndili ndi mlandu, ndati ndiulule kwa inu.

Mdzukulu wanu Monika munamusiya akutsegula m'mimba, miyendo ngati bango. Titakuikani, adokotala a pamishoni anati mdani wake ndi tirigu, asalawe ngakhale kanyenyeswa ka buledi. Ndinasiya kuphika masikono aja ndinkagulitsa pamsika wa ku Chipyela, m'nyumba mukhale kondowole yekha. Miyezi itatu, mwana masaya anabwerera.

Kenaka bambo ake anatumiza botolo la mibulu kuchokera ku Joni, ati yopatsa mphamvu. Ndinkamumwetsa iwiri m'mawa uliwonse. Akakana ndinkamupana m'miyendo, kumutsina mphuno mpaka ameze. Sabata ziwiri zisanathe matenda aja anabwerera, mimba kutupa, nsalu kuchapa kasanu pa tsiku.

Amayi, mtima wanga mumaudziwa. Ndinati mwanayu akupempha buledi kwa anzake kusukulu. Ndinamufunsa, anakana. Ndinamuwomba mbama, anakanabe. Ndiye ndinatola nkhafi yothyoka ija ya bwato la bambo anga. Ndinamenya, amayi! Kumsana, m'miyendo, iye akukwawa kulowera pansi pa mphasa, ine kumukoka mwendo, kumenyanso. Ankangolira kuti, “Sindinadye, amayi, sindinadye!” Ataphimba mutu ndi mkono, nkhafi inagwera pomwepo. Fupa ndinalimva ndi makutu angawa.

Ndinamubereka mpaka kuchipatala, botolo lili m'thumba kuti adokotala aone kuti ine ndimasamala mwana, wosamva ndi iyeyo. Atamanga mkono anawerenga timalemba ta Chizungu ta pabotolo, nandiyang'ana. Anati mibuluyo amaiumba ndi ufa wa tirigu kuti igwirane. Tirigu yense amene ndinkamusaka m'kamwa mwa mwana ndinkamuthiramo ndekha, ndi zala zanga.

Munkati safunsa anadya phula. Phulalo anadya ndi Monika, wosafunsa ndine. Botolo ndinaliswa pamwala wa pachipatala, galasi linanding'amba chikhatho, sindinalole kuti andimange.

Tsopano m'mimba mwaleka, akudya usipa ngati munthu. Mankhwala aliwonse, ngakhale a mutu, ndimayamba ndapita nawo kuti akandiwerengere. Koma mkono wapola mokhota. Dzulo ndinakweza dzanja kuti ndimuchotse kaudzu m'tsitsi, mwana anadzigwetsa pansi n'kuphimba mutu. Ndinalira, amayi, ndikuchita manyazi mpaka lero.

Inu simunandimenyepo ndi mtengo. Nkhafi ija ndaitentha. Ndikulonjeza pamanda panu kuti dzanja ili silidzamugweranso, ndipo ndidzadikira, kaya zaka zingati, mpaka tsiku limene ndidzalikweze iye osaphethira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi