Botolo Lija Lidikire, Azakhali

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko. Bondo lija likukulolani kuyenda? Ife kuno tilipo, mitima yayamba kukhala m'malo.

Alongo anu, bambo anga, atsitsimuka. Inu munangomva zoti agonekedwa, chiyambi chake nachi. Anachekedwa ndi lata pachala akukonza mpope wa zonyansa kunyumba kwa munthu. Anangomangapo kansanza, si mukuwadziwa. Chala chinatupa, thupi linatentha, kenako anayamba kundiitana dzina la malemu amayi. Pofika kuchipatala, mimba inali itafufuma, ili gwa.

Adokotala ake ndi mayi wosabisa mawu. Anandikhazika pabenchi n'kundiuza kuti matendawa ndi sepisisi, tizilombo talowa m'magazi. Akuti thupi polimbana nato limatulutsa kampweya kotchedwa naitiriki okusaidi. Kakakhala kochepa n'kabwino, kamatsegula mitsempha kuti magazi afike m'matumbo. Kakachulukitsa, mitsempha imalobodoka, magazi amayenda mofooka, ndipo kakhungu ka m'kati mwa matumbo kamaperepeseka. Zikatero tizilombo ta m'mimba timadutsa n'kulowanso m'magazi.

Nditawafotokozera bambo zimenezi anaseka mpaka kutsokomola. Akuti moyo wonse akhala akumata mipope ya eni ake pomwe wawo ukudontha.

Achira, ine sindikukayika. Kutentha kwatsika, akukodza bwino, ndipo ayamba kunyoza amene anamanga sinki ya m'wodi.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Botolo la mankhwala otsuka m'mimba limene munapatsira alamu anga lafika. Ndikudziwa kuti munatumiza mwachikondi. Koma sindinawapatse, ndipo sindiwapatsa. Adokotala akuti matumbowo ali ngati chilonda chongoyamba kuuma, kuwatsuka n'kuchikanda. Akufunika chakudya chamadzimadzi, pang'onopang'ono, kuti kakhungu kaja kabwerere.

Vuto n'lakuti alamu anatulutsa botololo bambo akuona. Basi bambo akulifuna. Akuti chibadwire alongo awo sanawasocheretsepo, ndipo akuopseza kuti azula diripi akamwere kunyumba. Ndikalankhula ine, akuti ndine mwana wadzana. Akalankhula anamwino, amatembenukira kukhoma.

Azakhali, munthuyu amamva inu nokha. Ndakugwirani mwendo, aimbireni. Muwauze ndi pakamwa panu kuti botolo lidikire, agone pomwepo mpaka adokotala awatulutse okha. Mukawakalipirako pang'ono, ine sindidandaula. Ngati pali woti mumukwiyire, mundikwiyire ine, tidzakambirana bambo ali kunyumba.

Foni ndaitchaja, ili pafupi ndi pilo wawo.

Mundiperekere moni kwa asuweni anga onse ndi tiana tawo. Mulungu akusungeni, bondolo alipatse mphamvu.

Ndine mwana wanu,
Woyamba wa alongo anu