Mchenga wa Timikunga Sindiuchepetsa

Amayi, kodi kumene muliko mukukhala bwanji? Ine kuno ku Dubai ndilipo, kungoti mtima suli m'malo.

Ndiyambe ndi za kumudzi. Alamu anga, akazi a achimwene Yohane, achira ndi mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Chimanga chapsa ndi ng'amba, koma mtedza wa kumunda wa kuchulu wachita bwino.

Ntchito ndi yomwe ija, ku kampani ya ku Al Qusais yosamalira matanki a nsomba m'mahotela. Thanki la mu hotela ina lili ndi timikunga ta m'nyanja zotentha zamchere, toonda ngati pensulo. Kalikonse kamakumba una wake mumchenga ndi mchira, n'kutulutsa thupi theka, nkhope kuloza kochokera madzi, kudikira chakudya. Mukanationa mukanati ndi anyezi wophuka kudimba. Munthu akayandikira, timikungato tonse timalowa pansi.

Mlandu wagona pamenepo. Eni hotelayo akudandaula kuti alendo sakutiona, ndiye akufuna ndichotse mchenga wina kuti tisowe kobisala. Abwana anga andipatsa pepala loti ndisaine kuvomereza. Akuti khalas, nkhani yatha, ndipo ndikakana sadzandiwonjezera kontirakiti mwezi wamawa. Viza yanga ithera pomwepo.

Mantha anga mumawadziwa, Amayi. Mchengawo ndauyeza katatu. Ndawerenganso manotsi anga a kukoleji mu sitima ya Metro mpaka kupitirira siteshoni yotsikira. Yankho silikusintha: kamkunga kosowa una wakuya kamasiya kudya, kenako kamafa. Paja munkatikalipira kuti nkhuku yofungatira saisuzumira pafupipafupi, imathawa mazira.

Sindisaina. Ndawalembera abwanawo kalata yoti ajambule mzere pansi, alendo aziima chapatali, ndipo timikungato tizituluka tokha. Kalatayo ndaiwerenga kasanu kufunafuna polakwika, koma ndaipereka ndekha m'mawa uno. Abwanawo angoyipinda n'kuiika pambali. Ngati akufuna wochotsa mchengawo apeze wina, osati ine amene ndatidyetsa zaka zinayi, amene ndimadziwa kamene kamatuluka koyamba ndi kamene kamachedwa.

Mwina mwezi wamawa ndikhala ndikulongedza katundu. Zikatero ndidzafikira kumanda kwanu ndi khasu, kudzalambula, ndisanayambe kufuna ntchito ina. Koma ndikukulonjezani chinthu chimodzi: kaya andisunga kaya andichotsa, dzina limene munandipatsa silipezeka pa pepala limenelo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike