Ndinathira Madzi pa Moto wa Amalume

Okondedwa Amayi,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalatayi. Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja ukuchira. Kuno kunja, mumzinda wa Oshawa, matupi ali bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Amalume agula mbaula yachitsulo ya nkhuni yotenthetsera nyumba, ya chitseko chagalasi. Mmisiri ataiika, amalume anamuuza monyadira kuti, “Za moto musadandaule, mwanayu wakulira pamafuwa.”

Lamlungu tikunyamuka kupita kutchalitchi, ndinaona zikuni zikuyakabe. Ndinadandaula kuti zipsa pachabe, ndiye ndinathira madzi monga timachitira kwathu. Galasi linalira kuti thee! n'kung'aluka pakati. Ndinatseka msangamsanga n'kukakwera galimoto.

Titabwerako amalume anakalipa: “Mmisiri uja watiikira galasi lachabechabe! Lachisanu ndikamuneneza kwa abwana ake, aona!” Tsopano bambo wosalakwayo angachotsedwe ntchito chifukwa cha ine.

Amayi, alongo anuwa mumawadziwa ndinu. Ndikufuna kuulula, koma ndiyambe ndi mawu otani? Mulungu akusungeni, ndipo chonde yankhani msanga, ngakhale pafoni, Lachisanu lisanafike.

Ine mwana wanu,
Tadala