Chigongono cha Bambo

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi kamwana. Kuno tilipo, koma musafulumire kuthokoza. Ndasankha kalata chifukwa mukudziwa mmene foni imayankhidwira kwathu: mayi amaiika pakati pa tebulo, n'kukweza mawu, aliyense n'kumalumbira kuti ali bwino. Ndikulembera pa kauntala kuno kuntchito, pakati pa zitini za penti, ndipo ndikamaliza ndijambula masambawa ndikutumizireni lero lomwe. Pomwe zilembo zapendekeka, dziwani kuti panalowa kasitomala.

Nkhani ndi diso la bambo, lamanzere, lomwe latsala lija. Atawachita opaleshoni tinakuuzani kuti zayenda bwino, ndipo sitinaname. Kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso, kamene adokotala amati retina, kanali katamatuka, iwo n'kukabwezeretsa. Bambo anagona chafufumimba monga anawauzira, akudandaula kuti chibadwire sanayang'anepo pansi chotere ngakhale posaka singano. Potitulutsa, adokotala anati zinthu zoongoka zikayamba kuoneka zokhota, tithamangire kuchipatala osadikira tsiku lomwe atilembera.

Mwezi wathawu ndinadutsa kushopu kwawo kosokera zovala kuja. Pakhoma panali buluku lomalizidwa, mpendero wake ukuyenda ngati woledzera. Inu mukuwadziwa bambo, munthu amene anakusomboletsani siketi yonse chifukwa msoko unapatuka pang'ono. Ndinaonanso kuti mpando wa mayi wachoka pakhomo, wafika pafupi ndi makina. Kasitomala akangoponda pakhomo, mayi amafuula ngati kondakitala: "Ee, aphunzitsi afika, avala malaya obiriwira munasoka aja!" Bambo n'kuyankha kuti awaona kalekale. Ine ndinangoti ukalamba wawapatsa mayi pakamwa. Ndinapusa.

Lachiwiri ndinapempha kuntchito kuti ndiwaperekeze kuchipatala. Kumeneko amayamba ndi anesi, m'kachipinda kokhala ndi mpando umodzi ndi sinki yodontha. Amene sakwanitsa kuwerenga zilembo zapakhoma amamuwerengetsa zala. Ukakhoza amakupatsa tsiku lina, ukalephera umaonana ndi adokotala pompo. Mayi anauza anesi kuti bambo amachita chizungulire, choncho ayenera kuwagwira. Anaima kumbali kwawo, dzanja lili pa chigongono, nkhope ngati ya munthu wopemphera.

Anesi anakweza zala ziwiri, bambo anati ziwiri. Anakweza zitatu, bambo anakhoza asanadzutse n'komwe mutu bwinobwino. Ine ndinali kumbuyo, ndipo maso anga anagwera pa chala chachikulu cha mayi. Chinkadina chigongono ngati munthu woyesa kupsa kwa chipatso. Kenaka mnzawo wa anesi anasuzumira pakhomo, anesi n'kumukwezera dzanja kumupatsa moni.

"Zisanu," anatero bambo.

Anesi anaseka, n'kumati agogowa ndi anthabwala. Anali atatenga kale cholembera kuti atipatse tsiku la mwezi wamawa. Achemwali, ndinalimbana nako kukhala chete, koma kunandikana. Ndinapatsira mayi chikwama ndi ambulera kuti manja onse adzaze, n'kupempha anesi kuti abwerezenso. Diso limene mayi anandiponyera ndikulimvabe pakhosi mpaka lero.

Anesi anakweza zala. Bambo anapendeketsa mutu uku ndi uku ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Sinki ija inadontha, inadonthanso. Pomaliza anati dzanja akuliona, koma lapindika ngati lili m'madzi.

Adokotala ndi mtsikana wamng'ono kwa ine, amene bambo amamutcha mwana wasukulu akatembenuka. Anawaunika nthawi yaitali, kenaka anatijambulira diso papepala. Akuti pansi pa kansalu kaja pali maselo amene ntchito yawo ndi kukhala phee pamzere, kukadyetsa ndi kukasamalira. Kansalu kakang'ambika, ena amatayika pamalo pawo, ndipo akatayika amasintha khalidwe. Amayamba kukwawa, kuswana, kuluka chipsera pamwamba pa kansaluko, kenaka n'kumakoka. Iwowo amayesa akupoletsa bala, koma m'diso chipsera chikakoka, kansalu kamakwinyika n'kumatukanso. Bambo anafunsa ngati zili ngati ulusi wothina umene umakwinya msoko. Adokotala anavomera, n'kuwonjeza kuti kusiyana kwake n'koti ulusi uwu ukudzikoka wokha tsiku lililonse.

Ndinafunsa za mankhwala, poti kuntchito kwathu dzimbiri lili ndi mankhwala ake, chiswe chilinso ndi ake. Anati pamenepo ndi pomwe pali mutu wa nkhani. Ofufuza akusakasaka chimene chimalamula maselowo kuti asinthe, kuti mwina tsiku lina adzapeze jakisoni wotseka lamulolo pakamwa. Alipo amene akuyesedwa, koma palibe amene iwo angatilonjeze. Chomwe chilipo ndi opaleshoni ina: kusenda chipseracho, kuyala kansalu, kuthiramo mafuta oti akapanikize. Mwina diso lipulumuka, mwina chipsera chibwereranso. Sanatinyengerere, ndipo ndinawakonda pa chimenecho.

Anapemphanso kuti akachisenda, achitumize kwa ofufuza aja. Bambo anavomera msangamsanga, n'kumati ndiye kuti m'banja mwathu woyamba kufika ku yunivesite akhala chipsera. Tonse tinaseka, ngakhale mayi. Koma adokotala atatchula Lachiwiri likubwerali kuti ndilo tsiku la opaleshoni, bambo anavala chipewa n'kunena kuti adzabwera chaka chikatha. Adokotala anati pofika nthawi imeneyo kudzakhala kulibe choyala. Bambo anathokoza mwaulemu wonse n'kutuluka, n'kugunda phewa pachitseko.

Pepani, ndinaima kaye. Wina amafuna penti yoyera koma yosayera kwambiri. Anthu ali ndi nthawi.

Kunyumba bambo ayamba kunditcha Apolisi. Ndikalowa amati bisani zonse, boma lafika. Chifukwa chenicheni ndinachimva kwa mayi m'mawa mwake, akusesa tizidutswa ta nsalu kushopu, osandiyang'ana. Akuti diso lamanja lija linalowa kawiri m'chipinda cha opaleshoni, ulendo wachiwiri silinabwereko. Tsono bambo awerengera kuti kakona ka diso kamene kakuonabe aka ndi kansalu kotsala, ndipo akukasungira mwana wanu kuti adzamuonere. Pafoni mukamawaonetsa mwanayo, akuti, amangoona kanthu kowala kakugwedezeka, ndipo zonse zija ankakuuzani, zoti mphuno ndi ya alamu, makutu ndi athu, ankawanong'oneza ndi mayi. Munalonjeza kubwera kumapeto kwa chaka. Iwo akudikira inu, chipsera sichikudikira aliyense.

Ndayesa kuwauza kuti kusunga kumeneku n'kumene kukudya diso. Anandifunsa ngati ndaonjezera udokotala pa upolisi.

Choncho pempho langa ndi ili, ndipo sindilikometsa. Bwerani ndi mwanayo Loweruka lino. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali, kuti abwana anu sapereka tchuthi ngati moni, ndiponso kuti mwana wa miyezi imeneyi pa basi ndi nkhondo. Adokotala ati malo a Lachiwiri awasunga mpaka Lolemba masana. Ngati simungathe, imbani foni muwauze bambo mosapita m'mbali kuti chaka chino simubwera n'komwe, kuti asiye kudikira. Njira yachiwiriyi ndailemba chifukwa ilipo, koma sindikufuna kudzakhala m'chipinda chimenecho mukamadzawauza.

Mukabwera, mufike kushopu m'mawa, dzuwa likamalowa pawindo la kumakina. Muime kumanzere kwawo, chapansi pang'ono, pafupi kwambiri. Mwanayo mumuveke zofiira, poti ndaona kuti ulusi wofiira wokha ndi umene amautola osafunsa. M'kabati bambo abisamo kadiresi kamene akhala akusoka kasitomala akachoka. Ine sindinakaone, ndipo inunso simunamve kwa ine. Mpendero wake ndi wokhota. Mudzamuveke pomwepo, ndipo mukadzayerekeza kuusombola, ine ndi inu tidzadana.

Ndaimanso. Ulendo uno anali mayi. Alowa muno ngati kasitomala, n'kumafunsa penti ya chitseko cha shopu, chitseko chimene sichinapakidwepo chibadwire ine. Aona mapepalawa, ndipo sanafunse kuti ndikulembera ndani. Ati ndikupatseni moni, mupsompsone mwana, ndipo alamu asadandaule, tidzawabwezera anthu awo ali amphumphu. Atinso tsiku lomwe mudzafike adzakhala kutsidya kwa chipinda, manja ali pamiyendo, kuti bambo akamuona mwanayo adzakhale atamuona okha.

Atafika pakhomo anabwerera, n'kutsamira pa kauntala.

"Koma akadzalephera," anatero, "iwe Apolisi udzayang'ane pawindo."

Ndavomera. Inunso, Achemwali, mukadzaona mayi akunyamuka pampando kulunjika ku chigongono chija, mudzakhale otanganidwa ndi mabatani a kadiresi.

Bambo sakudziwa kuti ndalemba, koma ndikudziwa moni amene akanapereka, choncho landirani. Ndiyankheni lero, foni ili m'thumba la malaya, ndipo ndaikweza mawu.

Ine mlongo wanu,
Apolisi